Dzina Lilembedwe Kamodzi: Mafunso ndi Mayankho pa Zolumikiza Makalata ndi Database

MUULUTSI: Yakwana nthawi ya mafunso ndi mayankho pa za makompyuta, ndipo monga mwa masiku onse mayi katswiri wathu ali nafe muno. Makalata a sabata ino akuchita ngati anapangana, chifukwa onse akudandaula za ntchito yolemba makalata ambirimbiri ofanana, pomwe mayina a oti awalandire ali kale m'kompyuta. Mayi, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo achimwene, ndipo moni kwa onse amene akutimvera.

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena, kalaliki wa pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza. Iwo akuti: "Teremu iliyonse ndimalembera makalata makolo a ana amene sanamalize fizi. Ndimatsegula kalata ya mwana mmodzi, n'kufufuta dzina ndi ndalama, n'kulembapo za mwana wina. Ntchitoyi imandidyera masiku, ndipo nthawi zina dzina la mwana wapitayo limatsalira m'munsi, kholo n'kubwera litakwiya. Chonsecho mayina ndi ndalama zili kale mu database ya Access imene anatiikira. Kodi palibe njira yoti ziwirizi zizigwirizana zokha?"

KATSWIRI: Njira ilipo bambo, ndipo si yachilendo. Koma ndisanatchule mabatani oti mudine, ndiyambe ndi mfundo imene makalata onse a lero atsamirepo, pakuti mabatani amasintha chaka ndi chaka pomwe mfundoyi siisintha. Chilichonse chimene ofesi ikudziwa chizilembedwa pamalo amodzi okha, ndipo kwina konse kumene chikufunika chizichita kukatengedwa pamalopo. Dzina la mwana ndi ngongole yake zikhale mu database basi. Mawu a kalata akhale mu template basi. Vuto lanu silikuchokera ku ulesi kapena kusasamala ayi. Nthawi iliyonse imene mwakopera dzina ndi manja, ndiye kuti ofesi yanu yakhala ndi zolemba ziwiri za mwana mmodzi, ndipo zolemba ziwiri sizichedwa kusemphana. Kholo likalipira lero masana, database idziwa, koma kalata imene munataipa dzulo ipitiriza kulonjerera ngongole yotha kale.

Template ndi kalata yolembedwa kamodzi, yokhala ndi mutu wa sukulu ndi mawu onse osasintha, koma yosiya mipata pamene payenera kulowa dzina, kalasi ndi ndalama. Ili ngati chikombole cha njerwa: woumba sasema njerwa iliyonse payokha, amakonza chikombole bwinobwino kamodzi, dothi n'kumangosinthana. Ntchito yothira za mu database m'mipata imeneyi anthu a m'maofesi amaitchula kuti mail merge. Pulogalamu ya WordStar inali nayo kale cha mu 1980, Microsoft Word isanatuluke mu 1983, ndipo Access imene muli nayoyo inabwera mu 1992. Ngakhale mfundo yolemba chinthu kamodzi ili ndi mbiri yake. Mu 1970 Edgar Codd, katswiri wa kampani ya IBM, analemba pepala limene linayala maziko a ma database a matebulo amene tikugwiritsa ntchito lero, ndipo nkhani imodzi imene anaikambamo inali yomweyi, ya zolemba zobwerezedwa zimene zimatha kutsutsana. Choncho chida chothetsera vuto lanu chakhala chili m'kompyuta yanuyo kuyambira tsiku limene inafika pasukulupo.

Kachitidwe kake n'kotere. Tsegulani kalata yanu mu Word, mupite pamwamba pamene palembedwa Mailings. Dinani Select Recipients, musankhe Use an Existing List, mulozere fayilo ya database ija. Kenako ikani kasa pamene pamakhala dzina la mwana, mudine Insert Merge Field n'kusankha dzina, ndipo muchite chimodzimodzi pa kalasi ndi pa ndalama. Preview Results ikuonetsani makalata enieni mmodzi mmodzi musanaononge pepala, ndipo Finish & Merge ndiyo imamaliza. Mukhozanso kuyambira mu Access momwemo, pa External Data, podina Word Merge. Amene alibe Microsoft Office asadandaule, chifukwa LibreOffice, imene ndi yaulere, imagwira ntchito yomweyi kudzera mu Writer ndi Base. Langizo limodzi lokha ndilitsindike: musalumikize kalatayo ku tebulo lonse la ophunzira. Pangani query, kutanthauza funso losungidwa limene limauza database kuti ibweretse ana okhawo amene ngongole yawo ikuposa ziro. Mukatero, amene wamaliza fizi amachoka yekha pa mndandanda, inu osagwirapo.

MUULUTSI: Kalata yachiwiri ndi ya msungichuma wa kopaletivi ina ya alimi ku Mchinji. Akuti: "Ife mail merge timaidziwa. Tili ndi makalata a mitundu yambiri: ovomera membala, a ngongole, okumbutsa, ochenjeza. Mnyamata amene anatikonzera database anaika mabatani oti ukadina, kalata yoyenera itseguke. Titagula kompyuta ina, mabatani onse anasiya kugwira. Ena akuti tingolowetsa mafayilo a Word m'kati mwa database momwemo kuti asamasowe. Tichite ziti?"

KATSWIRI: Funso limeneli ndilo phata la nkhani yonse, bambo msungichuma, ndipo yankho langa ndi lakuti ma template akhale kunja, mu foda imodzi, database izingosunga adiresi yake. Koma amene akuti muwalowetse m'katiwo asanyozedwe, ali ndi mfundo. Fayilo imene ili m'kati mwa database siisochera, ndipo mukakopera database mwakopera zonse pamodzi. Access imalola zimenezi, kale kudzera mu OLE Object, ndipo kuyambira mu 2007 kudzera mu Attachment. Koma taonani mtengo wake. Fayilo ya Access siingapitirire magigabaiti awiri, ndipo makalata okhala ndi chizindikiro cha kopaletivi ndi zithunzi amaitupitsa msanga, makamaka akaikidwa mwa njira yakale ija. Chachiwiri, mlembi akafuna kusintha chiganizo chimodzi amayenera kulowa mu database, kumene kuli ndalama za mamembala, pomwe ntchito yake ndi ya mawu chabe. Chachitatu, ndipo ichi ndiye choopsa, anthu amatulutsa fayiloyo, n'kuikonzera pa desktop, n'kuiwala kuibwezera. Pakutha pa chaka mumapezeka muli ndi makalata ochenjeza atatu osiyana, aliyense akunena kuti wake ndiye weniweni.

Tsono n'chifukwa chiyani mabatani anu anafa? Mwachidziwikire mnyamatayo analemba adiresi yonse ya fayilo m'batani lililonse, kuyambira pa chilembo cha diski mpaka dzina la munthu amene ankagwiritsa ntchito kompyuta yakaleyo. Pa kompyuta yatsopano dzinalo palibe, ndiye batani likufunafuna malo amene kulibe. Zimachitikanso ndi fulashi, imene lero Windows imaipatsa chilembo E, mawa F, malinga ndi zimene zalumikizidwa kale. Mukaonetsetsa, cholakwa chake n'chomwe chija cha bambo a ku Dedza: chinthu chimodzi, adiresi ya foda, chinalembedwa m'malo ambiri. Mankhwala ake ndi omwewonso. Mu database mukhale tebulo laling'ono la ma template, mzere uliwonse ukhale ndi nambala, mtundu wa kalata, dzina la fayilo lokha, ndi deti limene komiti inavomereza mawuwo. Adiresi ya foda ilembedwe pamalo amodzi pena, ndipo batani lizilumikiza ziwirizi pa nthawi yodinayo. Mukasamutsa foda, musintha mzere umodzi, mabatani onse n'kudzuka. Ngati makompyuta anu ali pa netiweki, gwiritsani ntchito adiresi yoyamba ndi dzina la seva, osati chilembo cha diski, chifukwa chilembo chimatha kusiyana pa kompyuta iliyonse. Ngati kompyuta ndi imodzi, ikani foda ya ma template pafupi ndi fayilo ya database, ndipo posunga pa fulashi muzikopera zonse ziwiri limodzi. Pamenepo mwapeza phindu limene anzanu aja amafuna, popanda kutupitsa database.

Pali zina ziwiri. Choyamba, template muisunge ngati template yeniyeni, fayilo yothera ndi dotx mu Word kapena ott mu LibreOffice. Fayilo yotere mukaidina kawiri imatsegula kalata yatsopano, yoyambayo n'kutsala yosakhudzidwa, choncho palibe amene angaisinthe mwangozi. Chachiwiri, kalata imene yapita kwa membala muisunge ngati PDF, ndipo database ilembe kuti inapita kwa yani, liti, pogwiritsa ntchito template iti. Wina afunsa kuti, kodi kumeneku si kubwereza kumene mwangoletsa? Ayi. Ngongole ya membala lero ndi nkhani ina, zimene munamuuza mwezi wa Juni ndi nkhani inanso. Mukadzadina batani chaka chamawa, kalata idzatuluka ndi ngongole ya chaka chamawa ndi chiwongoladzanja chatsopano, ndipo pakadzabuka mkangano simudzatha kuonetsa zimene membalayo analandira. Kalata yotumizidwa ndi umboni, ndipo umboni nawo uyenera kukhala ndi malo ake amodzi.

MUULUTSI: Tsopano tamvani mayi ena, mlembi wa mpingo wina ku Zomba. Akuti: "Ife tilibe database, mayina a akhristu ali mu Excel, ndipo ndimaona kuti zikukwanira. Koma ndikachita mail merge, ziro wa kumayambiriro kwa nambala ya foni amasowa, deti la ubatizo limatembenuka, ndalama zimatuluka zopanda koma, ndipo mayina okhala ndi w wa kachipewa amatuluka ngati zilembo zachilendo. Kodi kompyuta yanga ili ndi vairasi?"

KATSWIRI: Vairasi mulibe mayi, ndipo sindikuuzani kuti mutaye Excel lero lomwe. Pa mndandanda waung'ono, wosungidwa ndi munthu mmodzi, Excel imathandiza ndithu, ndipo Word imalumikizana nayo bwino. Koma zinthu zinayi mwatchulazo zili ndi gwero limodzi. Database imakufunsani pachiyambi pomwe kuti kolamu iyi muzisungamo chiyani, mawu, nambala kapena deti, ndipo ikamva imakana china chilichonse. Excel siifunsa, imangoganizira. Ikaona nambala ya foni yoyamba ndi 088 kapena 099 imati iyi ndi nambala yowerengera, ndipo nambala yowerengera siyamba ndi ziro, n'kumuchotsa. Imasunganso manambala 15 okha oyambirira molondola, moti nambala yaitali kuposa apo, otsalawo imawasandutsa maziro osakuuzani. Kuganizira kumeneku kwavutitsa ngakhale akatswiri a sayansi. Pofika mu 2020 komiti imene imapereka mayina a majini a munthu inali itasintha mayina ena, monga SEPT1 kukhala SEPTIN1 ndi MARCH1 kukhala MARCHF1, chifukwa Excel inkawasandutsa madeti a Seputembala ndi Malichi. Chaka chomwecho ku England, bungwe la Public Health England linasiya osawerengera anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala, chifukwa zotsatira zinkadutsa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale imene imathera pa mizere 65,536. Mizere yopitirira apo inkangotayika mwakachetechete. Mpingo wanu sudzafika pa chiwerengero chimenecho, koma phunziro lake likukukhudzani: chida chimene chimalakwa osalira n'choopsa kuposa chimene chimakana poyera.

Pokonza, yambani ndi kolamu ya mafoni. Iuzeni Excel kuti ndi Text musanalembemo, osati mutalemba kale, chifukwa ziro amene wapita sabwerera yekha. Za deti, dziwani kuti ku America amayamba ndi mwezi pomwe ife timayamba ndi tsiku, choncho 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, kwa iwo ndi 4 Malichi, ndipo Word potenga deti ku Excel kawirikawiri imalitulutsa mwa Chiamerika. Pa satifiketi ya ubatizo kulakwa kotere kumamutsatira munthu moyo wake wonse. Mu template yanu dinani Alt ndi F9 pamodzi, mudzaona malamulo obisika a mpata uliwonse, ndipo pamenepo mukhoza kuwonjezera kalamulo kouza Word kuti ilembe tsiku, kenako mwezi m'mawu, kenako chaka. Mwezi wolembedwa m'mawu sungatembenuke. Pomwepo mpamenenso mumauza mpata wa ndalama kuti uziika koma, kuti 150000 izituluka 150,000, pakuti Word imatenga nambala yokha, maonekedwe amene munaipatsa mu Excel imawasiya. Za ŵ uja wa m'mawu ngati Malaŵi, amaonongeka makamaka mndandanda ukasungidwa ngati CSV wamba. Posunga sankhani CSV UTF-8, kapena lumikizani fayilo ya Excel yeniyeniyo. Nanga mudzadziwa bwanji kuti nthawi ya database yakwana? Tsiku limene mudzaone kuti dzina la mkhristu mmodzi mukulilemba pa pepala la ubatizo, pa la chakhumi ndi pa la mlaga, kapena pamene anthu awiri ayamba kusunga aliyense fayilo yake, dziwani kuti yakwana.

MUULUTSI: Kalata yachinayi ikutsutsa, mayi. Yachokera kwa bambo ena a ku Mzuzu amene akuti agwira ntchito ya utaipisiti kuyambira nthawi ya mataipi. Akuti: "Zimene mumalimbikitsazi ine sindigwirizana nazo. Munthu akalakwitsa, amalakwitsa kalata imodzi. Makina akalakwitsa, amalakwitsa zonse. Komanso makalata otere alibe ulemu, amaitana gogo ndi dzina ngati mwana. Ndipo pomaliza pake mabwana adzati mataipisiti safunikanso."

KATSWIRI: Bambo, kalata yanu ndaiwerenga mwaulemu, chifukwa mfundo zonse zitatu zili ndi choonadi m'kati mwake. Yoyamba ndi yoona ndithu: mukalakwitsa deti la msonkhano mu template, makalata onse atuluka olakwa. Koma tiyeni tiyerekeze zolakwa ziwirizi. Cholakwa cha mu template chili pamalo amodzi, chimaoneka pa kalata yoyamba imene mwaiwerenga, ndipo chimakonzedwa kamodzi. Zolakwa za manja zimamwazikana, pano dzina, apo ndalama, uko kalasi, ndipo kuti muzipeze muyenera kuwerenga kalata iliyonse n'kuifananiza ndi kaundula, ntchito imene palibe ofesi imaichita ikatopa. Choncho funso si lakuti njira iti siilakwa, chifukwa zonse zimalakwa. Funso ndi lakuti cholakwa chiti chimagwidwa msanga. Chimene mfundo yanu ikutiphunzitsa ndi mwambo wa kagwiridwe: template iwerengedwe ndi anthu awiri isanavomerezedwe, ndipo musanapulinte zonse, tulutsani makalata ochepa oyesera, osankhidwa dala. Sankhani wa dzina lalitali kwambiri, wa ngongole yaikulu kwambiri, ndi wina amene mzere wake uli ndi mpata wosadzaza. Amenewa ndiwo amaulula ngati adiresi ikusefukira kapena ngati kalata ikunena kuti munthu ali ndi ngongole ya K yopanda nambala.

Pa za ulemu, cholakwa si cha makina koma cha amene anakopera template ya Chingerezi osaganizira anthu ake. Kwathu kuno munthu wamkulu sitimutchula dzina lokhalokha. Ndiye ulemuwo ulembedwe mu database ngati chinthu chimene ofesi ikudziwa: pakhale kolamu ya kaitanidwe, momwe muzilembamo Bambo, Mayi, Abusa, Agogo, a Gulupu, a Mfumu, monga mwini wake amafunira. Word ilinso ndi lamulo lotchedwa If Then Else, pansi pa Rules, limene limasankha mawu malinga ndi zimene zili mu kolamu. Ndipo ngati ena mwa olandira amawerenga bwino Chitumbuka, ena Chichewa, ena Chingerezi, musapanikize zinenero zitatu mu template imodzi. Lembani ma template atatu, aliyense wolembedwa ndi munthu wodziwa chinenerocho, database isunge chinenero cha munthu aliyense, ndipo query izigawa. Komabe pali malire, ndipo apa ndili mbali yanu. Kalata yopepesa maliro, kalata yochotsa munthu ntchito, kalata yoyankha dandaulo, zimenezi zisadutse mu mail merge, chifukwa mawu ake amayenera kusintha malinga ndi munthu, osati dzina lokha. Template ndi ya makalata amene uthenga wake ndi umodzi kwa onse.

Za ntchito sindikunamizani. Ntchito yotaipa kalata imodzimodzi mobwereza ikutha, ndipo inayamba kutha kalekale. Koma taonani zimene njira iyi ikufuna: munthu wodziwa kuyala kalata ya ofesi, wodziwa kalembedwe koyenera, wa diso logwira chilembo cholakwa, wosunga kaundula mwadongosolo. Amene anaphunzira pa taipi, pomwe kulakwitsa kunali kuyambiranso pepala, ali ndi luso limeneli kuposa achinyamata ambiri odziwa mabatani. Ofesi yanzeru imapereka foda ya ma template m'manja mwa munthu wotere, kuti iye yekha ndiye azisintha mawu. Mabatani a Mailings mukhoza kuwaphunzira masana amodzi, pomwe luso lanulo linatenga zaka.

MUULUTSI: Kalata yotsiriza ndi ya mayi ena ogwira ntchito ku bungwe lina lothandiza odwala ku Mangochi. Akuti: "Ndikatsegula kalata yathu yolumikizidwa, Word imandichenjeza kuti ikufuna kuyendetsa lamulo la SQL, ndipo ndimachita mantha. Komanso kuno magetsi ndi netiweki n'zosadalirika. Kodi njira imeneyi si ya m'tauni? Nanga zinsinsi za odwala athu zili pabwino?"

KATSWIRI: Chenjezo limenelo lisakuopseni mayi, koma musalizolowerenso mpaka kumangodina osawerenga. SQL ndi chinenero chimene mapulogalamu amafunsira database, ndipo Word ikungokuuzani kuti kalatayi ikufuna kukatenga mayina kumene munailumikiza. Ngati template ndi yanu ndipo mukuidziwa, vomerani. Ngati yabwera pa imelo kuchokera kwa munthu wosamudziwa, kanani. Za netiweki, mail merge siifuna intaneti ngakhale pang'ono ngati database ndi template zili pa kompyuta imodzi. Ndipo kumene magetsi amavuta ndi kumene njirayi imapindulitsa kwambiri, chifukwa ntchito imene ikanafuna masiku a magetsi imatheka pa batire la laputopu, n'kungodikira kuti akayaka mupulinte. Chimene kuzima kwa magetsi kumaopseza ndi fayilo ya database, imene imatha kuonongeka kompyuta ikazima ili m'kati molemba. Ndiye kukopera pa fulashi tsiku ndi tsiku, n'kuisunga kwina kotetezeka, si nkhani yochita kukambirana.

Funso la zinsinsi ndilo lalikulu, ndipo likutibweretsa pa ubwino wina wosiyanitsa mawu ndi mayina. Template yolumikizidwa imasunga njira yopita ku database, osati kaundula wa odwala. Mukhoza kuipereka kwa mnzanu kuti akonze Chichewa chake osaona dzina la wodwala ngakhale mmodzi, bola muisunge Preview Results itazimitsidwa. Ngozi ili pa fayilo imene imatuluka mukamaliza merge, chifukwa imeneyo imakhala ndi makalata a anthu onse mu fayilo imodzi. Wina akafuna kutumiza kalata ya munthu mmodzi pa WhatsApp n'kutumiza fayilo yonseyo, ndiye kuti waulula odwala onse kwa munthu mmodzi. Choncho kalata ya munthu aliyense ikhale PDF yakeyake, ndipo fayilo yaikuluyo ifufutidwe mukangopulinta. Query imene ikudyetsa kalata ibweretse zokhazo zimene kalatayo ikufuna. Kalata yokumbutsa tsiku lobwera kuchipatala ikufuna dzina, tsiku ndi malo, siikufuna matenda a munthu kapena nambala ya chiphaso chake cha unzika. Chimene sichinalowe mu query sichingatulukire pa pepala mwangozi. Database ikhale ndi pasiwedi, ndipo musapulintire makalata otere pa malo a fotokope a pamsika, kumene mafayilo amatsalira m'kompyuta za eni ake. Kumbukiraninso kuti dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Kusamala mayina a anthu tsopano ndi udindo wa pa lamulo, si ukoma mtima chabe. Ndipo munthu akabwera kudzati dzina langa munalilemba molakwa, ofesi imene inalilemba pamalo amodzi imakonza pomwepo, pomwe imene inalimwaza m'mafayilo ambirimbiri siingalonjeze kuti yakonza paliponse.

MUULUTSI: Nthawi yatithera mayi. Mawu otsiriza kwa omvera?

KATSWIRI: Musayambe ndi makalata onse nthawi imodzi. Sankhani kalata imodzi imene ofesi yanu imalemba kawirikawiri, muikonze bwino, muisunge ngati template mu foda imodzi, muilumikize ku query, muyese ndi mayina ochepa, ndipo wina aiwerenge musanapulinte. Ikayenda mwezi wathunthu popanda dandaulo, tengani yachiwiri. Ndipo inu mabwana, perekani nthawi kwa makalaliki anu kuti ayeretse kaundula, chifukwa template yabwino siingakonze dzina limene linalowa molakwa.

MUULUTSI: Omvera, pitirizani kutilembera, ndipo polemba muzitchula pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ndi uthenga weniweni umene kompyuta ikukuonetsani, koma musatitumizire mayina a ana asukulu, a mamembala kapena a odwala anu.